Nkhata ya Chitsulo: Mmene Mabogi a Sitima Amatetezera Okwera pa Ngozi

Munthu akafika pa siteshoni ya Limbe, Balaka kapena Nayuchi kudzakwera sitima ya pamtunda, maganizo ake amakhala pa zinthu ziwiri: kupeza pokhala ndi kupeza poika katundu. Ndi ochepa amene amaima kaye n'kuyang'ana bogi imene akufuna kukweramo ndi kudzifunsa kuti, "Kodi sitimayi itawombana ndi inzake, bogi iyi ingandisunge?" Funso limeneli si lamalodza ayi. Akatswiri a zanjanji akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa zana, ndipo mayankho amene anapeza analembedwa kukhala miyezo ndi malamulo amene opanga mabogi amatsata masiku ano.

M'phunziro lino tiona chiyambi cha miyezoyi, zimene imalamula, ndiponso pamene mphamvu yake imathera. Yambiri mwa miyezoyi inalembedwa ku America ndi ku Ulaya, motero tiyamba tapita kumeneko, kenaka tibwerere ku Africa kuno ndi ku njanji zathu. Mfundo yoti tiigwire ndi iyi: bogi yopangidwa bwino imateteza malo amene anthu amakhala, ndipo imalola malo ena kuphwanyika. Wokwera aliyense ayenera kudziwa malo awiriwa, pakuti moyo wake ukhoza kudalira pamene wakhala kapena pamene waima.

Mphamvu ya sitima yothamanga

Chinthu cholemera chikamathamanga chimakhala ndi mphamvu, ndipo kuti chiime, mphamvuyo iyenera kuthera penapake. Sitima ikamaima bwinobwino pa siteshoni, mphamvu yake imathera m'mabuleki pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mabuleki amatentha. Pa ngozi zimasiyana. Mphamvu yonse ija imathera m'zitsulo, m'mipando ndi m'matupi a anthu, m'kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso.

Mphamvuyi imakula msanga kuposa liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Likawirikiza katatu, mphamvu imawirikiza kasanu ndi kanayi. Tengani liwiro la makilomita 36 pa ola, limene njinga yamoto ya kabaza imalipitirira mosavuta. Munthu wogunda khoma pa liwiro limeneli ali ngati amene wagwa kuchokera mumtengo wotalika mamita 5. Pa makilomita 72 pa ola, ali ngati wagwa kuchokera pa mamita 20.

Pali chinanso. Mawilo a sitima ndi achitsulo, njanji nayonso ndi yachitsulo, ndipo zitsulo ziwirizi sizigwirana kwambiri monga amachitira matayala pa msewu wa tala. Chimenechi ndicho chimathandiza mutu wa sitima kukoka katundu wochuluka ndi mafuta ochepa, koma ndicho chimachititsanso kuti sitima isaime msanga. Sitima yaitali yolemedwa ndi katundu ikhoza kuyenda mtunda woposa kilomita imodzi chigwirireni mabuleki. Kukhota kuti izembe chinthu sikuthekanso, chifukwa imapita kumene njanji yapita.

Mabogi a matabwa ndi chiyambi cha miyezo

Mabogi oyambirira anali a matabwa. Sitima ziwiri zikawombana, kawirikawiri chimango cha pansi cha bogi imodzi chinkakwera pamwamba pa chimango cha inzake n'kulowa mkati mwake, monga mmene kabokosi ka mkati ka machesi kamalowera m'chikuto chake. Chimangocho chinkasesa mipando ndi anthu omwe. Ngozi ya mtundu umenewu yapha anthu ambiri m'mbiri ya sitima zowombana, ndipo miyezo yoyamba inalembedwa pofuna kuiletsa.

Ku United States of America, amene anaona zowawa kwambiri anali antchito osankha makalata m'sitima. Bogi yawo inkaikidwa pafupi ndi mutu wa sitima, ndipo pa ngozi inkafinyika pakati pa mutuwo ndi mabogi a pambuyo. M'chaka cha 1912 nthambi yoona zonyamula makalata pa njanji inakhazikitsa muyezo wa kulimba kwa mabogi amenewa. M'chaka cha 1939 bungwe la makampani a njanji m'dzikomo linaika muyezo wakuti bogi yonyamula anthu izipirira kufinyidwa kuchokera kumapeto onse awiri ndi mphamvu ya mapaundi 800,000 popanda kupindika kosabwerera. Mphamvu imeneyi ikufanana ndi kulemera kwa matani pafupifupi 363, kapena matumba a chimanga a makilogalamu 50 okwana 7,260. M'chaka cha 1999 bungwe la boma loyang'anira njanji, la Federal Railroad Administration, linaika muyezowu m'malamulo a mabogi onyamula anthu. Ku Ulaya muyezo wofanana nawo, wa mabogi okokedwa ndi mutu wa sitima, ndi wa matani pafupifupi 200.

Chimango cholimba chokha sichinathetse vuto la kukwerana kwa mabogi. Pa 12 December 1988, pafupi ndi siteshoni ya Clapham Junction mumzinda wa London, sitima zitatu zinawombana chifukwa cha waya wolumikizidwa molakwika m'nyali zotsogolera sitima, ndipo anthu 35 anamwalira. Mabogi a mtundu wa Mark 1 amene anali pa ngoziyo anali ndi chimango cha pansi cholimba, koma makoma ndi denga zinali zofooka poyerekeza ndi chimangocho. Malamulo amene dziko la Britain linakhazikitsa m'chaka cha 1999 analamula kuti mabogi a mtundu umenewu achotsedwe pa maulendo a masiku onse, ndipo pofika 2005 ambiri anali atachoka.

Lero opanga mabogi amaika kumapeto kwa bogi zitsulo za mano opingasa, zimene zimalumana ndi za bogi inzake pa kuwombana, kuti ina isakwere pa inzake. Amaimikanso mizati yolimba yachitsulo kumaso kwa bogi, m'mbali mwa khomo lopitira ku bogi ina ndi m'makona, kuti chinthu chochokera kunja chisalowe mosavuta kumene kuli anthu.

Phunziro la nkhata

Mayi wosenza mtsuko wa madzi amayamba waika nkhata pamutu. Mutu ndi wolimba, mtsuko nawonso ndi wolimba, koma ziwirizi zikakhudzana popanda chofewa pakati, mayiyo akangopunthwa, mutu upweteka kapena mtsuko usweka. Nkhata imafinyika, ndipo pofinyikapo imameza mphamvu imene ikanavulaza. Wogulitsa mazira nayenso amadziwa zimenezi pamene akuthira utuchi m'dengu.

Akatswiri anafika pa nzeru yomweyi. Bogi yolimba paliponse mofanana simeza mphamvu mwadongosolo. Imapirira kufikira pamene yalemedwa, kenaka imaphwanyika pamalo amene palibe anasankha, ndipo nthawi zambiri bogi ya kutsogolo ndiyo imasenza chiwonongeko chonse. Pofuna kuona zimenezi ndi maso, boma la America linawombanitsa sitima zenizeni, zopanda anthu, pa bwalo loyesera sitima la ku Pueblo m'chigawo cha Colorado. M'chaka cha 2002 anayesa sitima ya mabogi achikale, yotsogozedwa ndi bogi yonyamula anthu, ikuthamanga pafupifupi makilomita 48 pa ola, n'kuigunditsa ku mutu wa sitima ina yoima. Bogi ya kutsogolo inaphwanyika mamita oposa 6 ndi kukwera pamwamba pa mutu wa sitima inayo. Malo a woyendetsa ndi mizere ingapo ya mipando zinatheratu.

M'mwezi wa March 2006 anabwereza kuyesaku pa liwiro lofanana, koma mabogi anali atawakonza. Kumapeto kwa bogi iliyonse anaikako chigawo chopangidwira kukwinyika, ndipo zolumikizira mabogi anazipanga mwakuti zikagundidwa mwamphamvu zizibwerera mkati, kuti nkhope za mabogi zikhudzane molunjika. Ulendo uno bogi ya kutsogolo inakwinyika pafupifupi mita imodzi yokha. Mphamvu yotsala inagawika kumapeto a mabogi a pambuyo, iliyonse n'kumezako gawo lake. Palibe bogi imene inakwera pa inzake, ndipo malo onse a anthu anatsala osaphwanyika. Mutu umodzi susenza denga: katundu amene anagonjetsa bogi imodzi anapepuka atagawidwa kwa onse. Njira imeneyi imatchedwa Crash Energy Management m'Chingerezi, kutanthauza kuyendetsa bwino mphamvu ya pa ngozi.

Kampani ya Metrolink, yonyamula anthu m'dera la Los Angeles, inali itataya anthu 11 pa ngozi ya ku Glendale pa 26 January 2005, pamene sitima yake inagunda galimoto imene munthu wina anaisiya dala pa njanji. Pambuyo pake inagula mabogi a mtundu watsopanowu kwa kampani ya Hyundai Rotem, ndipo anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2010. M'chaka cha 2018 malamulo a dziko la America anasinthidwa kuti alole mabogi opangidwa motsata njira imeneyi kuyesedwa ndi miyezo yawoyawo.

Mayiko a ku Ulaya ali ndi muyezo wotchedwa EN 15227, umene unatuluka m'chaka cha 2008. Muyezowu umatchula ngozi zimene sitima ya pa njanji zikuluzikulu iyenera kupirira. Yoyamba ndi kuwombana maso ndi maso kwa sitima ziwiri zofanana pa liwiro la makilomita 36 pa ola. Yachiwiri ndi kugunda bogi ya katundu yolemera matani 80 pa liwiro lomwelo. Yachitatu ndi kugunda chinthu cholemera matani 15, choimira lole, pa mphambano ya njanji ndi msewu, pa liwiro lofika makilomita 110 pa ola. Pa zonsezi wopanga ayenera kuonetsa kuti mabogi sakwerana, kuti malo a okwera ndi a woyendetsa satha, ndiponso kuti sitima siima mwadzidzidzi kopitirira muyezo umene thupi la munthu lingapirire.

Funso n'lakuti, nkhata yachitsuloyi imaikidwa pati? Imaikidwa kumapeto kwa bogi, kumene kulibe mipando: kufupi ndi zolumikizira, makwerero, zitseko ndi malo a zipangizo. Ngakhale pa bogi yachikale imene ilibe chigawo chokwinyika, kumapeto ndiko kumayamba kulandira nkhonya. Choncho munthu woima pakhomo, wokhala pa makwerero miyendo ili panja, kapena woima pakati pa mabogi awiri, wadziika yekha pamalo amene wopanga anawasiya kuti aphwanyike.

Kugunda kwachiwiri

Pa ngozi iliyonse pamakhala kugunda kuwiri. Koyamba ndi kwa sitima ndi chimene yagunda. Kwachiwiri ndi kwa munthu ndi mkati mwa bogi. Bogi ikaima mwadzidzidzi, thupi la wokwera limapitirira ndi liwiro lomwe lija kufikira litagunda mpando, tebulo, khoma kapena munthu mnzake. Pa kuwombana kwa sitima ziwiri, muyezo wa ku Ulaya uja umafuna kuti kukankhika kwa anthu kusapitirire kasanu kulemera kwawo. Ngakhale pa muyezo wololedwawu, munthu wolemera makilogalamu 60 amakankhika ngati wolemera makilogalamu 300, ndipo thumba la makilogalamu 50 limasanduka ngati la makilogalamu 250. Palibe mkono umene ungaligwire.

N'chifukwa chake miyezo imalowanso mkati mwa bogi. Malamulo a ku America amafuna kuti mpando umangiriridwe pansi mwakuti usazuke ngakhale utakankhidwa chakutsogolo ndi mphamvu yowirikiza kasanu ndi katatu kulemera kwake. Misana ya mipando imapangidwa yaitali ndi yofewa, kuti munthu woponyedwa agunde msana wa mpando wa kutsogolo kwake m'malo mouluka bogi yonse. Wokhala moyang'ana kumene sitima ikuchokera amatetezeka kwambiri sitima ikagunda chinthu kutsogolo, pakuti msana wa mpando wake umamugwira. Matebulo nawonso anasinthidwa. Pa ngozi ya ku Placentia ku California m'chaka cha 2002, ofufuza anapeza kuti ena mwa omwalira anavulazidwa m'mimba ndi pachifuwa ndi mphepete yolimba ya matebulo a pakati pa mipando. Matebulo atsopano amapangidwa ndi mphepete yokhuthala imene imafinyika munthu akaigunda.

Mazenera ali ndi ntchito yaikulu sitima ikachoka pa njanji n'kugubuduka, chifukwa munthu woponyedwa kunja kawirikawiri amapsinjidwa ndi bogi yomweyo. Pa 23 February 2007, ku Grayrigg kumpoto kwa England, sitima ya mtundu wa Pendolino inachoka pa njanji ikuthamanga makilomita pafupifupi 150 pa ola, chifukwa cha kuwonongeka kwa zitsulo zopatutsira sitima. Mabogi anatsetserekera kunsi kwa chitunda ndipo ena anagona chammbali. Mwa anthu 109 amene anali m'sitimamo, mmodzi ndiye anamwalira. Matupi a mabogi sanaphwasuke, ndipo magalasi ambiri, amene anali omatidwa ndi pulasitiki pakati, anasunga anthu mkati.

Moto ndi potulukira

Munthu akhoza kupulumuka pa kugunda kuwiri konse n'kufa ndi moto kapena utsi chifukwa chosowa potulukira. Ngozi imene inapha anthu ambiri m'mbiri ya njanji za ku Britain inachitika ku Quintinshill ku Scotland pa 22 May 1915. Sitima yonyamula asilikali inali ndi mabogi a matabwa ounikira ndi gasi. Itawombana ndi zinzake, gasiyo anayaka, ndipo anthu oposa 200 anamwalira.

Ku Africa kuno, pa 20 February 2002, moto unabuka m'sitima yodzaza kwambiri yochokera ku Cairo kupita ku Luxor m'dziko la Egypt, pafupi ndi Al Ayyat. Akuluakulu a boma ananena kuti motowo unayamba ndi chophikira cha gasi chimene munthu anayatsa m'bogi. Woyendetsa anapitiriza ulendo kwa makilomita angapo osadziwa kuti kumbuyo kukuyaka, mphepo n'kumakolezera moto, ndipo zitsulo zotchinga mazenera zinalepheretsa ambiri kutuluka. Anthu oposa 350 anataya miyoyo.

Chifukwa cha ngozi zotere, miyezo imafuna kuti mipando, makatani ndi zokutira makoma zikhale zosagwira moto msanga ndi zosatulutsa utsi wambiri. Imafunanso nyali zoyaka zokha magetsi a sitima akazima, zozimitsira moto, njira yodziwitsira ogwira ntchito m'sitima, ndi zitseko zotheka kutsegula ndi manja. Ku America bogi iliyonse iyenera kukhala ndi mazenera otulukira pa ngozi osachepera anayi, limodzi mbali iliyonse kumapeto onse awiri, kuti bogi ikagonera mbali imodzi, mbali inayo pakhale potulukira. Zonsezi zimakhala zopanda pake ngati kanjira ka pakati pa mipando katsekedwa ndi matumba, madengu ndi njinga.

Pamene miyezo imalekezera

Tiyenera kunena mosabisa kuti palibe bogi imene ingapirire ngozi ina iliyonse. Taonani kuti muyezo wa kuwombana kwa sitima ziwiri ndi wa makilomita 36 pa ola okha. Pa 12 September 2008, ku Chatsworth ku California, sitima ya Metrolink inawombana maso ndi maso ndi sitima ya katundu ya Union Pacific, iliyonse ikuthamanga makilomita oposa 60 pa ola. Mutu wa sitima ya anthu unakankhidwira mkati mwa bogi yoyamba mamita pafupifupi 16, ndipo anthu 25 anamwalira. Mabogiwo anali okwaniritsa muyezo wa mapaundi 800,000 uja, koma mphamvu inaposa muyezo. Ofufuza anapeza kuti woyendetsa anapitirira nyali yofiira ali kulemba mauthenga pa foni. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya dzikolo inalamula kuti njanji zikuluzikulu zikhale ndi makina otchedwa Positive Train Control, amene amaimitsa sitima okha woyendetsa akapitirira nyali yofiira kapena akathamanga mopyola muyezo. Ntchito yoika makinawa inatha m'chaka cha 2020.

Chitetezo choyamba, tsono, ndicho kuletsa ngozi kuti isachitike, ndipo apa mabuleki ndiwo mwini nkhani. Pa 12 June 1889, pafupi ndi Armagh ku Ireland, sitima yonyamula ana a Sande sukulu ndi makolo awo inalephera kukwera chikweza. Ogwira ntchito anaidula pakati, n'kutsekera mabogi a pambuyo ndi buleki ya manja ndi miyala. Mabogiwo anabwerera chambuyo ndi kuwombana ndi sitima imene inkabwera, ndipo anthu 80 anamwalira, ena mwa iwo ana. Pasanathe miyezi itatu panakhazikitsidwa lamulo lakuti sitima yonyamula anthu izikhala ndi mabuleki pa bogi iliyonse, ogwira okha bogi ikaduka pa sitima.

Patapita zaka 113, ngozi yofanana inachitika kwa anansi athu ku Mozambique. Pa 25 May 2002, ku Tenga, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Maputo, sitima yophatikiza mabogi a anthu ndi a katundu inapeza vuto pa mtsetse. Mabogi a anthu anadulidwa n'kutsekeredwa ndi miyala, ndipo gawo la katundu linapita ku siteshoni. Miyala inalephera. Mabogi a anthu anatsetsereka n'kukagunda mabogi odzaza simenti, ndipo anthu oposa 190 anamwalira. Mwezi wotsatira, pa 24 June 2002, ku Igandu m'chigawo cha Dodoma ku Tanzania, sitima ya anthu inabwerera chambuyo pa chikweza mabuleki atavuta, n'kuwombana ndi ya katundu. Anthu 281 anamwalira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Miyezo imadaliranso kuti bogi inyamule anthu ndi katundu wolingana ndi mmene inapangidwira. Pa 21 October 2016, msewu waukulu wa pakati pa Yaoundé ndi Douala ku Cameroon unaduka ndi madzi, ndipo khamu la anthu linathamangira ku sitima. Anawonjezera mabogi, sitima inadzaza kupitirira muyezo, ndipo inachoka pa njanji ku Eséka. Anthu 79 anamwalira. Kafukufuku wa boma anatchula kuthamanga kwambiri, kulemedwa ndi kufooka kwa mabuleki a mabogi ena.

Pomaliza pali mphambano za njanji ndi msewu. Ambiri amaganiza kuti pamenepa wovulala ndi wa galimoto yekha. Pa 4 January 2018, pafupi ndi Kroonstad ku South Africa, sitima ya Shosholoza Meyl inagunda lole pa mphambano, mabogi anachoka pa njanji n'kugwira moto, ndipo anthu oposa 20 anamwalira. Dalaivala mmodzi wopupuluma akhoza kulowetsa maliro m'midzi yambiri tsiku limodzi.

Gawo lathu

Njanji ya kuno kwathu ndi mbali ya njira ya ku doko la Nacala. Sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, ndipo sitima ya anthu imayenda pa njanji imodzimodziyo. Kupanga mabogi ndi kuwayendera ndi udindo wa makampani ndi boma. Komabe zimene taphunzirazi zikusonyeza kuti miyezo imagwira ntchito pokhapokha okwera ndi okhala m'mphepete mwa njanji akuchita mbali yawo.

Mukakwera sitima, lowani mkati mwenimweni mwa bogi, ndipo ngati mpando ulipo, khalani pansi. Pewani kuima pakhomo, pa makwerero ndi pakati pa mabogi, ndipo ana musawalole kusewera kumeneko. Katundu wolemera muike pansi, kunsi kwa mpando kapena pamalo amene ogwira ntchito akuuzani. Pamwamba paikidwe zopepuka zokha. Kanjira ka pakati ndi zitseko zikhale zotsegula. Mbaula yamoto, zigubu za petulo kapena parafini ndi botolo la gasi zisalowe m'bogi ya anthu. Musananyamuke, yang'anani pamene pali zitseko, chozimitsira moto ndi zenera lotulukira. Ngozi ikachitika, siyani katundu, thandizani ana, okalamba ndi olumala kutuluka, ndipo mukatuluka talikirani njanji.

Pa mphambano, woyendetsa lole, minibasi, njinga ya kabaza kapena ngolo aime, ayang'ane mbali zonse ziwiri, amvetsere. Asalowe pa njanji ngati kutsidya kulibe malo okwanira galimoto yake yonse. Galimoto ikazima pa njanji, anthu onse atuluke msanga ndi kuthawira kutali ndi njanji chakumene sitima ikuchokera, chifukwa zidutswa zimaulukira kumene sitima ikupita. Abusa a ng'ombe ndi ana a sukulu aphunzitsidwe kuti sitima imaoneka ngati ikubwera pang'onopang'ono chifukwa cha kukula kwake, pamene kwenikweni ili pafupi kufika.

M'midzi yoyandikana ndi njanji, mafumu ndi makomiti a chitukuko ali ndi mawu amphamvu. Womasula mabawuti ndi zitsulo zomangira njanji kuti akagulitse, wokumba mchenga pansi pa mlatho, woumba njerwa kapena kulima m'tsinde mwa chitunda cha njanji, onsewa akufooketsa msewu umene abale awo omwe adzayendapo. Nthawi ya dzinja, amene waona njanji itakokoloka kapena mtengo utagwerapo adziwitse mwamsanga a pa siteshoni, apolisi kapena mfumu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tilinso ndi ufulu wofunsa. Pa misonkhano ya komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya m'dera, ndiponso kudzera mwa khansala wa wodi yathu, tikhoza kupempha oyendetsa njanji kuti atifotokozere zinthu izi: bogi iliyonse imaloledwa kunyamula anthu angati, mabuleki amayesedwa liti, potulukira pa ngozi palembedwa m'chilankhulo chimene okwera amawerenga kapena ayi, ndi mphambano ziti zimene zikusowa zikwangwani kapena zaphimbika ndi tchire. Mafunso otere ndi achitukuko monga momwe alili a mijigo ndi milatho. Safunsa anadya phula.

Mafunso okambirana m'magulu

1. N'chifukwa chiyani bogi yokhala ndi chigawo chokwinyika inateteza bwino malo a anthu pa kuyesa kwa ku Pueblo kuposa bogi yachikale?

2. Ndi malo ati m'sitima amene ali oopsa kwambiri pa ngozi, nanga n'chiyani chimachititsa anthu kukhala kapena kuima pamenepo?

3. Ngozi za ku Armagh ndi ku Tenga zikufanana bwanji, ndipo zikutiphunzitsa chiyani za kunyalanyaza malamulo amene alipo kale?

4. M'dera lanu muli mphambano kapena timisewu tingati todutsa pa njanji? Ndi titi timene munthu saona bwino sitima ikamabwera, ndipo ndani angakonze zimenezi mwezi uno?

Muyezo uliwonse umene tautchula m'phunziro lino unalembedwa anthu atafa kale: antchito a makalata a ku America, ana a ku Armagh, asilikali a ku Quintinshill, apaulendo a ku Clapham Junction ndi a ku Chatsworth. Ife talandira nzeruzi popanda kulipira mtengo umene iwo analipira. Tsoka silinunkha, koma ulendo wina mukadzaona mwana wakhala pa makwerero a bogi miyendo ili lendelende, mukudziwa tsopano chifukwa chake muyenera kumuitana kuti alowe mkati.